Mphwanga anagona m'chitokosi chifukwa cha chiganizo chimodzi

Ndili ndi hokala ku Ndirande, cha kwa Chinseu, ndipo ndale zimandipeza ndili pakauntala, chifukwa aliyense wodzagula sopo amasiyapo mawu ake. Zomwe ndikulembazi ndi za achinyamata amene mtima umawawira akaona malonjezo a boma akupita ndi mphepo, komanso za makolo amene ana awo amagona ndi foni m'manja. Sindikuletsa munthu kudzudzula boma ayi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo munthu amene anabwera kudzatigwadira kuti timuvotere ayenera kumva zomwe tikunena. Koma pali kadzudzulidwe komwe kamamufika mtsogoleri pamtima, palinso kena komwe kamapweteka iwe mwini ndi abale ako, iye kumeneko osamva n'kuyabwa komwe. Pabanja pathu tinaziona zonse ziwiri.

Ine ndinali m'gulu la anthu amene anasangalala pa 3 Febuluwale 2020, pomwe khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha tipeksi cha 2019. Kuno ku Ndirande a DPP ndi ambiri, moti chisangalalo changa ndinkachichitira m'kati mwa hokala, koma pa 23 Juni chaka chomwecho ndinavotera mgwirizano wa Tonse ndi mtima wonse. Zomwe a Lazarus Chakwera ndi malemu a Saulos Chilima ankanena pamisonkhano ana omwe ankaziloweza: ntchito 1 miliyoni m'chaka choyamba, kudya katatu patsiku, thumba la feteleza pa K4,495, pasipoti pa K14,000, kulumikiza madzi ndi magetsi mwaulere, kuchepetsa mphamvu za pulezidenti. Ulendo wake unali wa ku Kenani.

Amene anazikhulupirira kuposa ine anali mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe ndimakhala naye. Anali atangomaliza dipuloma yake, ndipo masamu ake anali osavuta: pa ntchito 1 miliyoni, imodzi yokha singalephere kumugwera iye. Anayenda ndi envulopu ya khaki kuchoka ku Makata kukafika ku Ginnery Corner mpaka Limbe, nsapato zinatha zidendene. Kenako anayamba kulankhula za ku Joni, koma pasipoti inali pa K90,000. Mapeto ake anakhazikika m'hokala mwanga, kumayeza mafuta ophikira m'timapepala.

Mu Novembala 2023 boma linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Sabata imeneyo tinapita limodzi kukapikula ku Limbe. Maholoselo ena anali otseka, eni ake ali m'kati kusintha mitengo. Pomwe tinapeza potsegula, mnyamata wa pakauntala anali ndi cholembera chakuda m'manja, kufufuta mtengo pakatoni ife tikuona, n'kulembapo wina. Ndalama yomwe masiku onse inkadzaza kumbuyo kwa minibasi tsiku limenelo inagula katundu woti tinamunyamula pamiyendo. Mphwanga sanalankhule njira yonse. Usiku ndinamumva kuseri kwa nyumba akulankhula yekha, osadziwa kuti akujambula voice note.

Ndinadzaimva pambuyo pake, ndipo kunena zoona mbali yaikulu inali yanzeru. Anatchula mtengo wa feteleza momwe unakwerera, anatchula za pasipoti, anatchula anzake a m'kalasi mwake amene akuyendetsa kabaza. Zonsezo zinali zoona, ndipo aliyense akanazitsimikiza. Koma chakumapeto mkwiyo unamupitirira. Ananena kuti udokotala wa mtsogoleri wa dziko, a Chakwera, ndi wogula, kuti ubusa wake ndi wabodza, n'kuwonjezapo mawu ena achipongwe omwe sindingawalembe pano. Anaitumiza kugulu la anzake a kusukulu pa WhatsApp, anthu omwe iye ankawayesa a m'nyumba. Mmodzi anaitumiza kwina, winanso kwina.

Anabwera amuna awiri ovala wamba, masana dzuwa likuswa mtengo. Mmodzi anayamba wagula ndudu, kenako anaonetsa nambala pafoni pake.

"Mwini nambala iyi ndi ndani mwa awirinu?"

Mphwanga anali ndi botolo la mafuta m'manja. Anangoliika pansi pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana. "Malume, muwauze amayi," ndi mawu okhawo omwe ananena.

Kupolisi anamuvula lamba ndi zingwe za nsapato, foni n'kuisunga ngati umboni. Madzulo nditapita ndi nsima ndinauzidwa kuti ndiyambe ndalawa ndekha, monga mwa lamulo lawo, ndipo ndinaima pamenepo kumeza mbamu yozizira ya nsima ya mwana wa mlongo wanga, mtima uli m'malere kuti amayi ake ndikawauza chiyani. M'mawa mwake wofufuza nkhaniyo anatiyimbira voice note ija tili muofesi. Chomwe sindidzaiwala ndi chala chake. Anakankha kamzere kaja kudumpha zonse za feteleza, za pasipoti, za ntchito, mpaka anafika pa chiganizo cha udokotala. Anachibwereza kawiri.

"Umboni woti digiriyo ndi yogula uli nawo?"

Mphwanga anati anangomva anthu akunena. Za feteleza sanafunsidwe ngakhale funso limodzi. Zoona zonse zomwe ananena zinafera pamenepo, ndipo chinatsala ndi chokhacho chomwe sakanatha kuchiikira kumbuyo.

Kwa amene zoterezi zingawagwere, nazi zomwe ndinaphunzira ndili pabenchi ya panja, mothandizidwa ndi mkulu wina wa mpingo wathu amene amadziwako zamalamulo. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira, ali ndi ufulu wokhala chete, ali ndi ufulu woonana ndi loya, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera tsiku lomwe khoti siligwira ntchito. N'chifukwa chake kumangidwa Lachisanu kumawawa. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Panja pamakhala anthu ozungulirazungulira amene amakunong'oneza kuti ukonze kangachepe zinthu ziyende. Mmodzi anandipeza, koma mkulu uja anandigwira mkono n'kunena kuti tingopeza anthu awiri odziwika, okhala ndi zitupa za unzika, oti amuimire mwanayo. Tinatero ndipo anatuluka. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi yawo ilipo mu Blantyre muno. Ndipo musamulole mwana kusayina chikalata chomwe sanachiwerenge, ngakhale atatopa chotani.

Lamulo lomwe linatchulidwa pankhani yake ndi la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe lili ndi magawo okhudza mauthenga onyoza kapena ovutitsa munthu kudzera pafoni ndi pa intaneti. Anthu ambiri amasokoneza apa. Anamva kuti mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa mlandu wa sedition, womwe kale unkagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa odzudzula boma, ndipo mu Julayi 2025 khoti linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkapititsa munthu kundende chifukwa choipitsa mbiri ya wina, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Zonsezo n'zoona ndipo n'zabwino. Koma lamulo la 2016 lija lilipobe, ndipo nyuzipepala zalembapo za anthu omangidwa chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi Facebook mu ulamuliro wa DPP ndi wa Tonse womwe. Ine ndimaona kuti si bwino kumanga munthu chifukwa cha mawu, ngakhale achipongwe. Koma maganizo angawo sakanamutulutsa mwana m'chitokosi usiku umenewo.

Nkhaniyo sinafike kukhoti. Ankangopita kukaonekera, kuuzidwa kuti abwerenso, mpaka inazilala yokha. Chomwe chinamupweteka kwambiri ndi foni. Nambala imene inali pa makalata onse ofunsira ntchito inakhala m'kabati ya kupolisi miyezi, ndipo ataibweza anapeza kuti kampani ina inamuimbira kuti akayesedwe, malo n'kupatsa wina.

Tsopano za mapepala a atsogoleri, chifukwa apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Amalawi timakonda maudindo a kutsogolo kwa dzina. Dokotala, Pulofesa, M'busa, Ngwazi. Munthu akatikhumudwitsa timathamangira kukagwetsa udindowo, poganiza kuti tikaugwetsa ndiye kuti tamugonjetsa. Koma gawo 80 la malamulo athu silifuna digiri kwa munthu wofuna upulezidenti. Limafuna kuti akhale nzika mwa kubadwa kapena mwa makolo, ndipo akhale wa zaka zosachepera 35. Ndiye ngakhale utapambana mtsutso wa digiri, sunamuchotsere kanthu pa mpando wake, komanso thumba la feteleza silinatsike ndi tambala imodzi.

Onani mbiri yathu yomwe. A Bingu wa Mutharika udokotala wawo anautenga ku Pacific Western University ku America, sukulu yomwe anthu ankaikayikira chifukwa sinali yovomerezeka ndi mabungwe oona za maphunziro kumeneko. Ndi pepala lomwelo anabweretsa makuponi a feteleza mu 2005, anthu n'kukolola mpaka nkhokwe kusefukira. Ndi pepala lomwelonso anatsegulira doko la ku Nsanje mu 2010 lomwe sitima sizinafikepo, mafuta a galimoto n'kusowa, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 anafa. Pepalalo silinasinthe pakati pa teremu yoyamba ndi yachiwiri. Chinasintha ndi munthu. A Bakili Muluzi ankanyozedwa kuti sukulu sanapite nayo patali, koma pulayimale yaulere ya 1994 inachitikadi, ngakhale nkhani ya nsapato akuluakulu amaisekabe mpaka lero. A Peter Mutharika palibe angakayikire sukulu yawo: anaphunzira zamalamulo ku London ndi ku Yale, anaphunzitsa zaka zambiri ku Washington University ku St. Louis. Koma mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera ku Mzimba anauika mu 2015, ndipo anatuluka m'boma mu 2020 yunivesite kulibe. A Chakwera nawo digiri yoyamba anaitenga ku yunivesite ya Malawi, udokotala wa zaubusa ku Trinity International University ku America, ndipo anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013. Zomwe mphwanga ananena za udokotala ndi ubusa wawo zinali zabodza basi, ndipo munthu wa chipani cholamula akanamutsutsa ndi foni yake yomweyo.

Palinso china chomwe chimandidetsa nkhawa pa mtsutso wa mapepalawu. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Tikavomereza kuti woyenera kulankhula za dziko ndi wamapepala, ndiye kuti ine, amayi ogulitsa tomato pamsika wa Ndirande ndi anyamata a kabaza tadzitsekera tokha pakhomo. Ndazimvapo pabawo kangapo: munthu akangoti mtsogoleri uyu ndi mbuli, mnzake amamubweza kuti, "Nanga inuyo achimwene munafika nayo pati?" Anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo, za mtengo wa chimanga osakambidwanso.

Chomwe ndinayamba kuchita chinachokera pa ntchito yanga. M'hokala muli kope la ngongole. Munthu akatenga shuga pangongole sindilemba kuti ndi wakhalidwe lotani kapena anaphunzira kuti. Ndimalemba tsiku, katundu, mtengo, ndi tsiku lomwe wati adzabweza. Likakwana tsikulo ndimangotsegula tsamba, ndipo ngakhale wolongolola chotani amayamba kukanda m'mutu. Ndinagula kope lina la malonjezo, n'kumalemba chimodzimodzi: analonjeza ndani, liti, chiyani, pa mtengo wanji, ndipo chinachitika n'chiyani.

Tsamba la feteleza ndi lomwe linadzaza msanga, chifukwa chaka chilichonse ndimatumiza ndalama kwa amayi anga ku Chiradzulu. Chaka choyamba cha AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, mu 2020, anagula pa K4,495 monga analonjezera, ndipo ndinalemba kuti lakwaniritsidwa. Chaka chotsatira unafika pa K7,500. Mu 2022 unali K15,000, mayina a opindula akuchepa, ndipo amene dzina lake silinatuluke ankakumana ndi mtengo wa m'sitolo, womwe pambuyo pake unadutsa K100,000. Tsamba la pasipoti ndi lalifupi: lonjezo K14,000, mtengo K90,000, kenako mu 2024 unatsika kufika pa K50,000. Kutsika kunatsikadi, koma K50,000 si K14,000.

Tsamba la ntchito 1 miliyoni linandiphunzitsa kusankha pomenya. Mu 2022 boma linanena kuti chiwerengerocho latsala pang'ono kuchikwanitsa, anthu n'kuseka m'maminibasi, koma ine wa pahokala ndilibe njira yowerengera ntchito za dziko lonse. Ukalimbana ndi nambala yotero amakuzunguza ndi nambala zinzake. Lonjezo lokhala ndi mtengo womwe unalipira ndi dzanja lako, lisiti lili m'thumba, ndi lomwe sangakuzembe nalo.

Ndinalembanso zomwe zinachitika bwino, ndipo ichi achinyamata ambiri safuna kuchimva. Malipiro osadulidwa msonkho anakwezedwa kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 mu 2020. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, lomwe linangokhala m'kabati kuchokera 2017, linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo nzika iliyonse ingalembe kalata kufunsa ofesi ya boma momwe ndalama za chitukuko zayendera. Ukayamba ndi kuvomereza zotere, wa chipani cholamula amene anabwera atakunga nkhonya amayamba wakhala pansi.

Kopelo ndinaliyesa pagulu nthawi ya kampeni ya 2025, pa mtsutso wa ofuna uphungu womwe mabungwe anakonza m'dera lathu. Anthu amene anayamba kufunsa ankangotukwana, mbali inayo n'kumawakuwiza, wotsogolera mwambo n'kuwalanda maiki. Itafika nthawi yanga ndinapereka ulemu kwa mafumu ndi onse, ndinathokoza za msonkho zija, kenako ndinawerenga tsamba la feteleza chaka ndi chaka, osakweza mawu. Bwalo linakhala chete, chifukwa aliyense pamenepo ali ndi kwawo komwe amatumiza ya feteleza.

Woimira mbali ya boma anayankha zomwe tonse tinkayembekezera: Covid-19, nkhondo ya ku Ukraine, namondwe wa Freddy. Sindinatsutse. Freddy ndinamuona ndi maso anga mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anapita. Ndinangoti, "Bwana, zimenezo n'zoona, tinali konkuno. Koma wangongole zikamuvuta amabwera yekha kudzanena kuti mundidikire, ndipereka mwakuti. Inu munabwera liti kudzatiuza kuti K4,495 ija yalephereka, ndipo m'malo mwake tiyembekezere chiyani?" Anayamba kufotokoza za misewu ya ku Lilongwe. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ayankhe za fetelezazo!" ndipo bwalo lonse linagwirizana naye. Palibe amene anandigwira, palibe amene ananditsatira kunyumba. Ndinali nditanena zowawa kuposa za mphwanga, koma munalibe chiganizo choti wina adumphire.

Maepiskopi a Katolika anachita chimodzimodzi m'kalata yawo ya mu Febuluwale 2024, pomwe ananena kuti m'malo mwa dziko lamalonjezano tafikitsidwa ku Bagamoyo, doko la ku Tanzania komwe kale akapolo ankafikitsidwa. Sanafunse za sukulu ya munthu. Anatenga mawu omwe atsogoleriwo ananena okha, n'kuwaika pambali pa zomwe anthu akuona. Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mawu omwe munthu ananena yekha pagulu ndi omwe amamumanga.

Kwa inu a mafoni, musanatumize kanthu mverani kaye nokha, ndipo pa chiganizo chilichonse mudzifunse ngati mungachibwereze pamaso pa wapolisi n'kuonetsa pomwe mwachitenga. Gulu la WhatsApp si chipinda chogona, ngakhale mutakhala anthu khumi odziwana kuyambira ku pulayimale. Kutumiza za wina nakonso ndi kufalitsa. Mawu oti "ndangolandira" sakupulumutsani. Mukafuna kutchula lonjezo, pezani pomwe linanenedwa, kaya ndi m'manifesito a chipani, kaya ndi kanema wa msonkhano, kaya ndi nyuzipepala, ndipo musunge. Mkwiyo wa usiku muziugoneka, m'mawa muone ngati ukadali ndi mawu omwewo. Mphwanga akanadikira kuti kuche, ndikhulupirira chiganizo chija akanachichotsa yekha, chifukwa si mwana wachipongwe.

Pa 16 Seputembala 2025 anthu anavota, a Peter Mutharika n'kupambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, ndipo analumbirira pa Kamuzu Stadium konkuno pa 4 Okutobala. Mnansi wanga wina, wa DPP wamagazi, ndi amene ankakonda kopelo kuposa aliyense. Ankabwera ndi anzake kuti, "Akulu, tawawerengereni tsamba la feteleza lija." Tsiku lina anandipeza ndikulemba mizere patsamba latsopano, pamwamba nditalemba za sekondale yaulere kuyambira Januwale 2026, m'munsi mwake nditasiya malo a mtengo wa feteleza, wa chimanga ndi wa mafuta a galimoto.

"Aaa, akulu, mwayamba kale? Anthu angolowa kumene, apatseni mpata."

Ndinamuuza kuti mpata ali nawo, ine ndikungolemba tsiku lomwe atenga katundu, ndipo chomwe achite bwino chilembedwa ndi cholembera chomwechi. Ananena kuti ndine wa Kongeresi wobisala. Ndinamukumbutsa kuti miyezi ingapo yapitayo a Kongeresi ankanditcha kadeti. Anaseka monyinyirika, anatenga paketi ya shuga, n'kunena kuti ndimulembe adzapereka pakutha pa mwezi.